Ndege Yanga Inasungunuka Poyembekezela Mlendo Wolemekezeka

Ana anga, Tisa ndi Yona, tsiku limene boma lidzakumbukile kulemba mbili ya zouluka m'chigawo chino cha kum'mawa, dzina langa lidzakhala pa tsamba loyamba, pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu. Kuyambila pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Petauke palibe munthu amene anapanga ndege zambili kuposa ine, Yelesani Sakala. Ndinapanga zisanu ndi ziwili. Zisanu zinagwa, imodzi mbuzi inaidya mchila, ndipo yaikulu pa zonsezo mapiko ake anali otalika ngati chitseko cha chimbudzi chathu. Palibe imene inanyamulapo munthu. Ine mwini wake sindinakwelepo ndege, ndipo bwalo la ndege ndinangoliona kamodzi, pa windo la basi.

Ndikulemba izi chifukwa ndamva kuti mukakumana ku Lusaka mumauzana kuti atate anu anataya udindo chifukwa cha chidole. Choyamba, sichinali chidole. Chachiwili, sindinataye. Khalani pansi muwelenge.

Chaka choyamba pa ntchito, Petauke

Za ubwana wanga ndazidumpha. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo anawonjezela zokwanila. Ku koleji ya zamagetsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka, ndipo tinasiyana mwamtendele: iwo anandipempha kuti ndisabwelenso, ine ndinavomela. Mlandu unali wa fani ya mu ofesi ya akulu a koleji, imene ndinaimasula kuti ndione chimene chimaizunguza. Ndinachiona. Kungoti pobwezela panatsala tizitsulo titatu, ndipo nthawi imeneyo n'kuti mayeso a masamu atandikana kale kawili.

Ntchito ndinaipeza pa sukulu ina ya sekondale pa boma la Petauke. Kalata yake inati ndine wantchito wamba. Anandipatsa tsache, chikwakwa ndi ovololo imene mwini wake woyamba anali wamfupi kuposa ine. Sabata yachitatu mphunzitsi wa sayansi anandipeza nditatsamilitsa tsache pakhoma, ndikukonza kagalasi ka maikolosikopu, chida chija choonela tinthu tating'ono, chimene chinali chimodzi sukulu yonse ndipo chinali chitafa zaka ziwili. Sanandikalipile. Anavula makiyi a labu, chipinda cha sayansi, m'khosi mwake n'kundiveka, ndipo makiyi amenewo ndinayenda nawo zaka zambili kuposa zimene iye anakhala pa sukulupo. Mu labu munalibe kanthu. Nyale zotenthetsela mankhwala ndinkapanga ndi mabotolo a inki, chingwe chake n'kudula ku mopu. Madzi oyela a mayeso ndinkatchela kumvula ndi beseni ya amai anu. Mawaya ndinkasenda m'mawailesi akufa. Ana ankalemba mayeso a boma ndi zida zotuluka m'manja mwanga, ena mwa iwo lelo ndi madokotala, koma pa pepala ine ndinali wosesa.

Njila yosinthila pepalalo inali imodzi. Popeza ndinalibe satifiketi, pankafunika kalata ya ahedi yochitila umboni kuti munthu uyu ntchito ya mu labu amaigwiladi, yosainidwa ndi kudindidwa, kuti akuluakulu asinthe dzina la udindo wanga likhale wothandiza mu labu. Kalata imodzi, tsamba limodzi. Ahedi asanu anadutsa m'manja mwanga ku Petauke, ndipo aliyense anandigwila paphewa n'kunena mawu amodzimodzi: "A Sakala, inu kalata yanu ndilemba mailo." Mawa lakelo silinafike. Woyamba anasamutsidwa asanalembe. Wachiwili anamwalila, Mulungu amusunge, ngakhale anali ndi zaka zinayi zoti alembe ali moyo. Wachitatu analemba, kalatayo inanyamuka ulendo wa ku Chipata, ndipo mpaka lelo ikadali m'njila. Wachinayi anati ndiyambe ndabweletsa satifiketi, ngati kuti ndikanakhala nayo ndikanamufuna iye. Wachisanu ankandikonda kwambili moti anaopa kuti akalemba adzanditenga n'kundipititsa kwina. Musaganize kuti ndinkalilila ndalama yopumila, ngakhale nayonso sindikanaikana. Chimene chinkandiwawa n'chakuti pa malilo a munthu amawelenga zimene zili pa pepala. Sindinkafuna kuti m'busa adzaime pamaso panu n'kunena kuti malemu anali wosesa.

Chaka cha 24 pa ntchito, Petauke

Tisa, mlandu wa ndege unayamba ndi iwe. Utayamba ntchito unanditumizila foni yoonetsa mavidiyo, ndipo tsiku lina ndinaona munthu wakunja akupanga ndege ndi kelaiti, zoyela zopepuka zija zimene amatchingila nazo mafiliji m'makatoni. Ndinaonela kasanu. Kachisanu ndi chimodzi ndinali kuseli kwa sitolo ya mafiliji, ndikupikisana ndi nkhuku potola zimene mwini sitolo anataya.

Kudula sikunavute. Lezala yatsopano, lula, ndi sandipepa yosalazila phiko kuti likhale lokhuthala kutsogolo, lopyapyala kumbuyo. Chinavuta ndi kumata. Ndinagula guluu wa nsapato kwa wosoka pamsika, ndinapaka mowolowa manja, ndinapita kukamwa madzi. Pobwela ndinapeza phiko lasanduka phala. Guluu ameneyo amadya kelaiti ngati chiswe. Ndinaima pamenepo ndi kapu m'manja mpaka amai anu anatuluka m'nyumba. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale zokongoletsa maukwati ndi makichini pate, ndipo anali ndi kamfuti ka guluu wotentha komatila maluwa apulasitiki. Kumbuyo kwake umalowetsa kandulo ya guluu, kutsogolo amatuluka atasungunuka.

"Amake Tisa, tandibwelekani kamfuti kanu kaja."

"Ka maluwa anga? Mwayamba liti zamaukwati?"

"Ndi za sayansi."

"Sayansi yanu inandithela beseni. Manje ifuna kamfuti. Mukakamasula kuti muone za m'kati, a Sakala, mudzagona ku labu."

Sindinakamasule, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Guluu wotentha ali ndi malamulo ake, ndipo onse ndinawaphunzila ndi zala. Ukamata kamfuti kali moto kwambili, kelaiti amaboola, choncho umakazula kumagetsi n'kudikila pang'ono. Umathila kamzele kowonda, chifukwa dontho lililonse ndi katundu amene ndege iyenela kunyamula. Umakanikiza n'kuwelenga mpaka makumi atatu. Ukakhudza usanamalize kuwelenga, umavina wopanda ng'oma. Malaiti akapita, monga ankapitila masiku ambili, ndinkatenthetsa mpeni pa mbaula n'kusungunulila guluu pamenepo, amai anu akundiuza kuti makala awo si a boma.

Mota, batile, pulopela ndi limoti yoyendetsela unagula ndiwe, Tisa, ndipo unanama mtengo wake kuti amai ako asakomoke. Yoyamba ndinakaiyesela pa bwalo la mpila cha ku njila ya ku Minga. Inakwela, inaima chilili m'mwamba ngati ikupemphela, n'kubwela chamchila. Pamenepo ndinaphunzila kuti ndege umaiika pa zala ziwili pansi pa phiko, ndipo iyenela kuwelamitsa mphuno pang'ono. Ikalemela kumchila, yamba kukumba manda. Yachiwili ndinamanga pulopela chagada, inalila kwambili osapita kulikonse, kenaka nditakonza inapita kukakumana ndi mtengo wa mango. Yachitatu inandisiyila chipsela ichi pa chala chachikulu, chifukwa pulopela ikamazungulila imacheka ngati mpeni wa buchala. Chipsela chimenechi muchikumbukile, chibwelanso. Za yachinayi mpaka yachisanu ndi chimodzi funsani mbuzi ndi denga la tchalitchi. Yachisanu ndi chiwili inauluka. Inazungulila bwalo, inamvela limoti, inatela pa udzu mwaulemu. Ndinafuna kuitcha dzina la amai anu, koma anakana kuti dzina lawo lilembedwe pa chinthu chimene chimagwa. Ndiye inakhala Nambala Seveni.

Chaka cha 27 pa ntchito, Nyimba

Anandisamutsila ku Nyimba chifukwa sukulu ina kumeneko inamangilidwa labu yatsopano ndipo panalibe woidziwa. Taonani nzelu za boma: anatumiza wosesa kuti akatsegule labu, ndipo m'kalata yosamutsayo analemba zonse ziwili popanda manyazi. Ku Nyimba kuli nthochi zabwino ndi dzuwa loipa. Mwezi wa Okutobala ukaponda phula ndi patapata, umasiya patapatayo pomwepo.

Ahedi anali a Mulenga, Mbemba wochokela kumpoto, munthu wamtali, wa suti ngakhale pa Chiwelu. Mukudziwa kuti ife akum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Timanyozana poyela, iwo amati timadya mbeba, ife timati amadya anyani, mbuya akhoza kukuvula chipewa pagulu n'kupita nacho, ndipo wokwiya ndiye wopusa. Ndi mwambo wabwino, ndipo ndakhala ndikuusangalala moyo wanga wonse. Koma mbuya akakhala bwana wako, nthabwala imayenda njila imodzi ngati madzi a m'ngalande. Tsiku loyamba anandilandila ndi mawu akuti, "Awe, anditumizila wakudya mbeba! Mu labu muli makoswe oyela, mune, ndawawelenga." Mune m'Chibemba chawo ndiye kuti mnzanga. Ine ndi imvi zangazi ndinaseka n'kunena kuti zikomo bwana.

Nambala Seveni anaiona pa Chiwelu china m'mawa ndikuiulutsa pa bwalo la sukulu. Anaima manja m'chiuno, khosi m'mwamba, mpaka inatela.

"Iwe wakudya mbeba, ichi wapanga ndiwe?"

"Ndine, bwana."

"Wekha?"

"Ine ndi kamfuti ka amai akunyumba."

Pa Mande anandiitana mu ofesi. Anati mu Okutobala sukulu yathu idzalandila chionetselo cha sayansi cha masukulu onse ozungulila, ndipo mlendo wolemekezeka adzachokela ku Chipata. Kenaka anatsegula dilowa n'kutulutsa pepala. Ana anga, linali lotaipidwa kale. Dzina langa linalipo, lolembedwa bwino, ndi mawu akuti munthu uyu wagwila ntchito ya mu labu mokhulupilika. Pansi pake panali malo awili opanda kanthu, a siginecha ndi a chidindo. M'zaka zonse zija ndinali ndisanaionepo ndi maso kalata imeneyi. Ndinaigwila ndi manja awili. Zaka zanga zopumila zinali pafupi, ndipo ndinadziwa kuti ahedi achisanu ndi chiwili sadzakhalapo.

"Ikauluka pamaso pa mlendo," anatelo a Mulenga akuibweza m'dilowa, "ndisaina tsiku lomwelo. Koma siingaoneke ngati katoni ya filiji. Uikute ndi tepi yobiliwila, mtundu wa yunifomu yathu, ulembepo dzina la sukulu. Ndipo ikhale pa thebulo patsogolo pa tenti kuyambila 8 koloko, mlendo akangotsika m'galimoto aione."

Ndinawafotokozela mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Ndinati tepi ndi katundu. Ndinati choyela chimabweza dzuwa, chakuda chimalimwa, ndipo yunifomu yathu inali yobiliwila mwakuda. Ndinati guluu uyu amagwila akazizila, akatenthedwa amakumbukila kumene anachokela. Ndinapempha kuti ndegeyo ikhale mu labu mpaka nthawi yake.

"Mlendo afika 9 koloko. Pulogilamu yalembedwa."

"Bwana, ndagwila ntchito m'boma zaka zambili. Sindinaonepo mlendo wolemekezeka amene anawelenga pulogilamu."

"Ndiye chifukwa chake ukadali ndi tsache, mune," anatelo akuseka. Inali nthabwala ya chimbuya. Ndinaseka.

Okutobala wa chaka chomwecho, tsiku Lachisanu

Pa 8 koloko Nambala Seveni inali pa thebulo lachitsulo lochokela mu labu, yobiliwila ngati chule, padzuwa. Tenti inali ya alendo. Ana a sukulu anakhala pansi pabwalo m'mizele, ang'onoang'ono kutsogolo, monga mwa mwambo. Amai anu analipo chifukwa ndiwo anapatsidwa ntchito yokongoletsa, ndipo anali atamata maluwa awo pa mizati yonse yachitsulo ya tentiyo. Pa 9 koloko kwaya inayamba kuimba. Pa 10 koloko inamaliza nyimbo zonse zimene inkadziwa n'kuyambilanso. Ndinanyamula ndege kupita nayo pansi pa mtengo, a Mulenga anaibweza okha ndi manja awo. "Mlendo angafike nthawi iliyonse." Pa 11 koloko ndinaifunditsa chitenje cha amai anu, iwo anachichotsa, akuti chitenje cha chigwilizano cha amai a kutchalitchi sichigwilizana ndi sayansi. Uthenga unabwela wakuti mlendo wadutsa pa Petauke. Patapita ola unabwela wina wakuti mlendo wanyamuka ku Chipata.

Cha m'ma 12 koloko amai anu anabwela kudzaima pambali panga. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana tenti.

"A Sakala."

"Ndamva."

"Maluwa anga ayamba kugwa."

Ndinayang'ana. Duwa lofiila linatsetseleka pa mzati pang'onopang'ono, likusiya kaulusi kumbuyo, n'kugwela pa nsapato ya mphunzitsi wina. Kenaka loyela. Guluu wake anali yemweyo, wa m'paketi imodzi ndi wanga.

Mlendo anafika 1 koloko itapitilila, ndi magalimoto atatu. Tinaimilila, tinaimba, tinapemphela, tinamva mawu a uyu ndi a uyo. Kenaka a Mulenga anatenga maikolofoni n'kuyamba kufotokoza za ndege "imene ndinaiganizila ine mwini, n'kuipanga pamodzi ndi ophunzila athu, mothandizidwa pang'ono ndi wosesa wathu, mbuya wanga wakudya mbeba, amene wakhala akutigwilila guluu." Bwalo lonse linaseka. Mlendo anaseka. Ine ndinaonetsa mano, chifukwa wokwiya ndiye wopusa.

Ali m'kati molankhula ndinapita pa thebulo. Chitsulo chake sichinkagwilika. Ndinakhudza phiko, linagwedezeka ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Ndinakhudza mota kumphuno, nayo inapendama. A Mulenga atapeleka maikolofoni kwa woyendetsa mwambo, anabwela kudzandinong'oneza akumwetulila anthu.

"Konzeka."

"Bwana, siuluka. Guluu wafewa."

"Iuluka."

"Phiko lichoka m'mwamba."

"Kamodzi chabe, mune. Izungulile kamodzi, itele. Kalata ili m'thumba muno, cholembela chilipo, chidindo chili m'galimoto."

Anagunda pa thumba la jekete, ndipo ndinamva pepala likulila.

Sindikunamizani kuti ndinali woyela mtima. Ndinaganiza. Mphepo ya m'mwamba ikanatha kuziziletsa guluu. Mwina ikanazungulila kamodzi n'kutela, ndipo lelo bwenzi mukuwelenga mbili ya wothandiza mu labu. Ndinaganizanso china chokoma kuposa pamenepo: kuwapatsa a Mulenga limoti pamaso pa onse, popeza ndege anaiganizila okha, aiulutse. Ganizo limenelo ndinalitafuna nthawi yaitali, linali ndi mafuta. Koma njila zonse ziwili zinkadutsa pamwamba pa mitu yomweyo. Bwalo linali lodzaza, kopitila kwina kunalibe. Kutsogolo kunali tiana tomwe tinakhala padzuwa kuyambila m'mawa, makosi m'mwamba, kudikila ndege. Ndinayang'ana chipsela cha pa chala changa, chimene pulopela inandicheka ndege ili pansi, ine nditaigwila. Ndinaganiza za pulopela yomweyo ikutsika yokha ndi mota wake, yopanda phiko, pa nkhope ya mwana wa munthu.

Woyendetsa mwambo anandiitana n'kundipatsa maikolofoni kuti ndinene mawu awili ndisanaulutse. Ndinapita patsogolo pa mlendo ndi ndege m'khwapa. Ndinagwada pang'ono monga mwa ulemu. Kenaka ndinagwila phiko ndi zala ziwili n'kukoka. Silinalimbe n'komwe. Linachoka lonse, ulusi wa guluu ukulitsatila ngati delele.

"Olemekezeka," ndinatelo, "ndege iyi inafika 8 koloko monga mwa pulogilamu. Pa 9 koloko inali yokonzeka kuuluka. Pa 11 koloko ikanayesako. Manje yatopa."

Bwalo linati zii. Ndinamva duwa lina likugwa m'tenti. Kumbuyo mphunzitsi wina wamkazi anaphulika n'kudzitseka pakamwa ndi pulogilamu.

"Za guluu," ndinapitiliza, "akufotokozelani amene anaiganizila. Mbuya, nali phiko lanu."

Ndinawapatsa a Mulenga phiko ku dzanja limodzi, maikolofoni ku linalo. Analandila, chifukwa munthu ukampatsa chinthu pagulu amalandila. Guluu anawamata ku zala, atafuna kudzipukuta anamata pa jekete. Anaonetsa mano. Anayenela kuonetsa, inali nthabwala ya chimbuya, ndipo aka kanali koyamba kuti madzi a m'ngalande akwele phili. Mlendo anawafunsa kuti kodi guluu wake ndi wamtundu wanji. A Mulenga anati ndi guluu wa sayansi. Mlendo anagwedeza mutu, kenaka anayang'ana wochi yake, ndipo umenewo unali umboni woyamba tsiku lonse wakuti wochi anali nayo.

Zaka zotsala, Msanzala

Pa Mande a Mulenga anandiitana. Sananditche wakudya mbeba. Anati, "A Sakala, khalani pansi," ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zatha, chifukwa ulemu wawo unali woopsa kuposa chipongwe chawo.

"Mwachititsa manyazi sukulu."

"Bwana, ikanagwela ana."

"Ikanagwa tikanati ngozi. Ngozi imakhululukidwa, a Sakala. Tikanalemba lipoti. Koma kuuza mlendo wolemekezeka pa maikolofoni kuti anachedwa, zimenezo zilibe lipoti."

Mawu amenewo ndawasunga zaka zonsezi, ndipo ndikawakumbukila ndimasiya khasu. Munthu wophunzila, wa madigili awili, woyang'anila ana a anthu, anandiuza m'maso muli gwa kuti nkhope ya mwana ili ndi fomu yake yodzaza, koma wochi ya bwana ilibe. Ndinafunsa za kalata. Anati aiganizila. Patapita sabata ndinaiona pa bolodi la m'chipinda cha aphunzitsi, itatembenuzidwa, kumbuyo kwake atalembako mndandanda wa oyang'anila chakudya. Mapepala anali osowa chaka chimenecho, ndiye sindinganene kuti inapita pachabe.

Temu yotsatila anandisamutsila ku sukulu ina ku Msanzala, kumene kunalibe labu ngakhale chitseko cholembedwa kuti labu. Kumeneko, kwa nthawi yoyamba chiyambile ntchito, ndinagwila ntchito imene inalembedwa pa pepala langa. Ndinasesa. Ndinasesa bwino kwambili, funsani aliyense. Ndinapuma ndili wantchito wamba, ndipo pa mwambo wonditsanzika, umene mlendo wake anachedwa maola awili okha, anandipatsa wochi ya pakhoma. Lelo ili pano ku Nyampande, kumene ndikulima tomato ndi lepu, ndipo ndimaiyang'ana kuposa mmene akuluakulu amayang'anila zawo. Pa malilo anga m'busa adzawelenga kuti wosesa. Musiyeni awelenge. Akamaliza, Yona, udzaimilile uwelenge tsamba ili.

Koma ndadumpha tsiku limodzi, ndipo ndalidumpha dala kuti likhale lomaliza. M'mawa wa pa Chiwelu, tsiku lotsatila chionetselo chija, ndinadzuka dzuwa lisanapse. Ndinasenda tepi yobiliwila yonse mpaka Nambala Seveni inayelanso. Guluu wanga anali atatha, ndiye ndinapita kwa amai anu, amene anali pakhonde akusankha maluwa awo ogwa aja m'thumba.

"Amake Tisa, makandulo awili chabe."

"Ndili ndi ukwati pa Chiwelu chikubwelachi, ndi maluwa onsewa oti ndimatenso. Awa ndi a bizinesi."

"Ndine mwamuna wanu."

"Ndiye chifukwa chake sindikukwezelani mtengo."

Ndinamata phiko, ndinamata mota, ndinawelenga mpaka makumi atatu, kawili konse. Ndinaiika pa zala ziwili, inawelamitsa mphuno pang'ono monga iyenela. Tinapita ku bwalo awiliwili. Kunali amuna atatu akugwetsa tenti, ndi ng'ombe za munthu wina zikudya mapulogilamu otayidwa. Mphepo inali yozizila. Ndinaiponya. Inakwela mowongoka, inadutsa pamwamba penipeni pa mpando umene mlendo anakhalapo, inazungulila bwalo katatu, ndipo amuna a tenti aja anasiya zingwe n'kuima makosi m'mwamba. Mmodzi anavula chipewa. Inatela pa udzu patsogolo pa mapazi a amai anu, phiko lili m'malo mwake.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine, maso atanyowa pang'ono, ngakhale mpaka lelo amati linali fumbi.

"Yauluka," anatelo.

"Yauluka."

"Ndipatseni ndalama zanga."

Ndiye mukakumananso ku Lusaka, konzani nkhani yanu. Udindo unadyedwa ndi dzuwa la ku Nyimba, tepi yobiliwila ndi wochi ya mlendo. Ndege inandidyela makandulo awili a guluu, makwacha asanu, ndipo amai anu sanachotseko ngakhale ngwee imodzi.